Kuchepa kwa magineziyamu m'magazi: zimene mungachite kunyumba

Magineziyamu ndi mchere umene thupi limaufuna kuti minofu, mitsempha ndi mtima zigwire bwino ntchito. Wambiri umasungidwa m'mafupa, m'magazi mumakhala wochepa kwambiri. Ukapereweratu munthu amafooka, chakudya sichimukomera, amachita nseru, akatumba amakokana makamaka usiku, zala zimachita dzanzi, ndipo zikope zimatha kumangophethira zokha. Zizindikirozi zimapezekanso pa matenda ena ambiri, choncho chotsimikiza ndi kuyezetsa magazi basi.

Nthawi zambiri vutoli silibwera chifukwa cha kudya kokha. Pamakhala chimene chikuutaya mcherewu: kutsegula m'mimba kosatha, mowa wa tsiku ndi tsiku, shuga amene sakutsika, kapena mankhwala. Okodzetsa monga furosemide ndi hydrochlorothiazide, amene ambiri a BP amamwa, amautulutsira mu mkodzo. Omeprazole, wa zilonda za m'mimba, akamwedwa kwa miyezi yambiri amalepheretsa matumbo kuuyamwa. Amphotericin B, wa matenda oumitsa khosi a cryptococcal, nayenso amautsitsa kwambiri. Musasiye nokha mankhwala amene munapatsidwa. Kafotokozeni kwa dokotala kuti aone ngati angasinthe.

Kunyumba, ntchito yaikulu ili m'mbale. Mayi wamkulu amafunika mamiligalamu 310 mpaka 320 patsiku, bambo 400 mpaka 420. Nthanga za maungu, zimene ambiri timangotaya tikamasema dzungu, ndi zina mwa zakudya zolemera kwambiri ndi mcherewu: magalamu 28 okazinga, kadzanja kamodzi chabe, amapereka pafupifupi mamiligalamu 150. Zikazingeni, muzidye ngati mtedza kapena muzisinje n'kuthira m'ndiwo. Mtedza, nyemba, nandolo, khobwe ndi soya nazonso n'zothandiza, chimodzimodzi bonongwe ndi nkhwani wotendera. Masamba musamawiritse m'madzi ambiri n'kutaya msuzi, mchere wina umapita ndi madziwo.

Za nsima tinene mosabisa. Chimanga chikakonoledwa n'kuviikidwa, magineziyamu wambiri amatsalira m'gaga amene timapatsa nkhuku ndi nkhumba. Ufa woyera ndi wosalala pakamwa, inde, koma mgaiwa ndi umene uli ndi thanzi. Ngati a pabanja panu sangaufune pa nsima, yambani ndi phala la m'mawa la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena la mawere ndi mapira.

Wotsegula m'mimba amwe Thanzi ORS kuti abwezeretse madzi, koma mu ORS mulibe magineziyamu. Kutsegulako kukapitirira masiku angapo, apite kuchipatala. Womwa mowa kwambiri achepetse mothandizidwa ndi azaumoyo, chifukwa kuusiya mwadzidzidzi kungamugwetse ngati wa khunyu.

Mapiritsi a magineziyamu musagule mwachisawawa. Popanda malangizo a dokotala, wamkulu asapitirire mamiligalamu 350 patsiku ochokera m'mapiritsi. Akachuluka amatsegula m'mimba, vuto lija n'kukulirakulira. Odwala impso asamwe konse pokhapokha dokotala atalola, chifukwa impso zofooka zimalephera kutulutsa wotsala ndipo amaunjikana m'magazi.

Amene muli pa ma ARV a TLD, mvetsetsani apa. Magineziyamu amamatirira dolutegravir, mmodzi mwa mankhwala a mu TLD, m'mimba, mankhwalawo osalowa bwino m'magazi. Imwani TLD maola 2 musanamwe magineziyamu, kapena padutse maola 6 mutamwa magineziyamuyo. Lamulo lomweli likukhudzanso magnesium trisilicate, amene anthu amatafuna kapena kumwa akamva kutentha pamtima. Mankhwala opha mabakiteriya a ciprofloxacin ndi doxycycline nawonso asamamwedwe nthawi imodzi ndi magineziyamu. Funsani wopereka mankhwala maola oti mutalikitse.

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mtima ukugunda modumphadumpha kapena mothamanga, wodwala wakomoka, akuphupha, akusokonezeka mutu, manja kapena mapazi auma mopindika, kapena akusanza chilichonse chimene wamwa. Zikafika apa chakudya sichingathandize msanga, amafunika magineziyamu wa m'diripu, ndipo adokotala amayezanso michere ina ya potaziyamu ndi kashiamu chifukwa kawirikawiri zimatsikira limodzi.