Mwalipira ndalama yoyamba ya inshuwalansi ya moyo, nanga chotsatira n'chiyani?

Kodi ndikangolipira, banja langa latetezedwa pomwepo?

Si nthawi zonse. Ndalama yoyamba imapita limodzi ndi fomu yanu, ndipo kampani imayamba yaunika zaka zanu, ntchito yomwe mumagwira ndi thanzi lanu. Ngati ndalama yomwe mukufuna kuti banja lidzalandire ndi yambiri, angakutumizeni kwa dokotala kukayezetsa magazi, shuga ndi BP. Kenako akhoza kuvomera, kukweza ndalama ya pamwezi, kapena kukana n'kukubwezerani zomwe munapereka. Chitetezo chimayamba pa tsiku lolembedwa m'chikalata cha inshuwalansi, osati tsiku la pa lisiti.

Ndiyembekezere kulandira chiyani?

Lisiti choyamba, kenako chikalata chokhala ndi nambala yanu. Chikachedwa, pitani ku ofesi mukachifunse, musamangodalira mawu a ejenti. Mukachilandira, ikani chiphaso cha unzika pambali pake n'kufananiza dzina ndi tsiku lobadwa. Ngati pachiphaso pali Chimwemwe koma pachikalata alemba Chimwenwe, kalembo kamodziko kadzachedwetsa ndalama anthu ali pa siwa. Amene mwalipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, musafufute uthengawo, ndipo muzitumiza ku nambala ya kampani, osati ku foni ya munthu.

Nanga munthu akamwalira m'miyezi yoyambirira?

Apa ndi pamene mabanja ambiri amalira kawiri. Inshuwalansi zambiri, makamaka za maliro, zili ndi nthawi yodikira, kawirikawiri miyezi 6. Munthu akamwalira ndi matenda nthawiyi isanakwane, ndalama yonse situluka. Imfa ya pangozi nthawi zambiri imalipiridwa kuyambira pachiyambi. Imfa yodzipha nayo imakhala ndi malire ake m'zaka zoyamba. Ndime imeneyi muiwerenge kawiri musanasunge chikalatacho.

Pa fomu sindinatchule matenda omwe ndili nawo. Pali vuto?

Lilipo, lalikulu. Kampani imalandira ndalama zanu mwezi ndi mwezi osafunsanso, koma tsiku lomwe akazi anu kapena amuna anu adzabwere ndi chikalata cha imfa, idzafufuza mbiri ya kuchipatala. Ikadzapeza kuti munkamwa kale mankhwala a shuga musanasaine, ili ndi mphamvu yokana kulipira, ndipo inu simudzakhalapo kuti mufotokoze. Chonde lembani kalata panopa muwauze zoona. Mwina ndalama ya pamwezi ikwera pang'ono, koma n'kwabwino kusiyana ndi kulipira zaka zambiri chinthu chomwe ana sadzachiona.

Ndikalumpha mwezi?

Amapereka masiku ochepa achisomo, nthawi zambiri 30. Akadutsa, inshuwalansi imaima. Kuidzutsa n'kotheka, koma mungafunike kulipira miyezi yotsalira ndi kuyankhanso mafunso a zaumoyo. Ngati amakudulani ku malipiro, muzionetsetsa pa pepala la malipiro kuti adula, makamaka mukasintha ntchito kapena akaunti ya kubanki.

Ndikasiya, ndalama zanga abweza?

Za maliro ndi zongoteteza moyo kwa zaka zoikika, ayi. Zomwe zili ndi gawo losunga ndalama zimabweza kenakake pakapita zaka, koma mukasiya msanga mupeza zochepa kwambiri.

Ndalama zidzapita kwa ndani?

Kwa amene munawalemba pa fomu. Auzeni lero kuti inshuwalansi ilipo, dzina la kampani ndi pomwe mwasunga chikalata. Mukakwatira, ukwati ukatha, kapena mwana akabadwa, pitani mukasinthe mayina, chifukwa kampani imatsata zolembedwa, osati zomwe akuchimuna ndi akuchikazi agwirizana kumanda.

Kampani ikandizungulitsa, ndikadandaule kuti?

Yambani ndi kalata ku kampaniyo, musunge kope lake. Zikakanika, kadandauleni kwa Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, woyang'anira makampani a inshuwalansi m'dziko muno. Tengani chikalata, malisiti onse ndi yankho lomwe kampani inakupatsani.