Mtsinje wa Fleet sunaume, unangovindikiridwa

Pa zaka zomwe ndagwira ntchito yoyeza ngalande za pansi pa nthaka mu mzinda wa London, palibe mawu omwe amanditopetsa ngati akuti, "Mtsinje umenewo unauma kalekale." Amatero eninyumba, ogulitsa nyumba, ngakhalenso amisiri omwe amayenera kudziwa bwino. Mtsinje wa Fleet sunaume ayi. Anthu anangouvindikira ndi njerwa n'kulambula misewu pamwamba pake.

Magwero ake ndi awiri, onse pa chitunda cha Hampstead Heath, pomwe pali madamu a Hampstead ndi a Highgate. Timitsinje tiwiriti timakumana cha ku Camden Town, kenako madziwo amadzera ku King's Cross, n'kutsata msewu wa Farringdon mpaka kukafika ku mtsinje waukulu wa Thames pansi pa mlatho wa Blackfriars, mtunda wa makilomita pafupifupi 6. Wokayika akaime pa Holborn Viaduct, mlatho womwe unatsegulidwa mu 1869, ndipo adzifunse chifukwa chomwe mlatho waukulu chotero ukudutsira pamwamba pa msewu wouma. Chigwa chimenecho chinakumbidwa ndi madzi.

Kale m'munsi mwa mtsinjewu munkalowa mabwato, koma opha nyama a ku Smithfield ndi ofufuta zikopa anausandutsa dzala. Moto waukulu wa mu 1666 utazima, anayesa kuukonza kuti ukhale njira ya mabwato a malonda moyang'aniridwa ndi Robert Hooke, koma malondawo sanayende. Chigawo china chinavindikiridwa mu 1737 n'kumangapo msika, chakumunsi mu 1769, ndipo fungo loipa la Thames la mu 1858 litachititsa kuti injiniya Joseph Bazalgette amange ngalande zikuluzikulu za zonyansa, Fleet analumikizidwa ku ngalandezo. Apa ndi pomwe pagona vuto: madzi a mvula ndi zochokera m'zimbudzi zimayenda mu ngalande imodzi, ndipo ikadzaza zonsezo zimafuna potulukira.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mu 1862 mtsinjewu unaphulika n'kudzaza dzenje lomwe ankakumba pomanga njanji ya pansi ya Metropolitan, ndipo pa 14 Ogasiti 1975 mvula ya mamilimita pafupifupi 170 inagwa ku Hampstead m'maola osakwana atatu, nyumba za ku Gospel Oak n'kumira.

Koma nkhani yomwe imandisowetsabe mtendere ndi ya banja lina lomwe linkachita lendi zipinda zapansi pa nthaka m'chigwa chomwechi. Nditafika ndinapeza khoma lachita chuku mpaka m'mawondo, ndipo mvula ikamagwa chimbudzi chinkachita phokoso ngati mphika wowira. Ndinalemba lipoti loti paikidwe chotsekera choletsa madzi a m'ngalande kubwerera m'nyumba. Mwininyumba anaona kuti n'zodula, choncho anapeza munthu wina wodzitcha katswiri wa chinyezi, yemwe anapala khomalo, n'kupakapo penti yonyezimira, nalandira ndalama zake n'kumapita. Anthu oterewa ndi ambiri, ndipo chizindikiro chawo n'chimodzi: amatchula mtengo asanatsegule n'komwe chivindikiro cha ngalande panja.

Mvula yamphamvu ya mu Julayi 2021 itagwa, madzi sanalowere pakhomo kapena pawindo. Anatumphukira m'chimbudzi ndi m'bafa, akuda bii, ndipo matiresi, mabuku a ana ndi mapepala aulendo omwe anali m'sutikesi pansi pa bedi zonse zinaonongeka. Panali patadutsa miyezi yambiri chilembereni lipoti lija, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu kuti ndinalipereka kwa mwininyumba yekha osawafotokozera okhalamowo pamaso.

Chotero amene mukufuna malo otsika mtengo apansi pa nthaka, yambani mwaona mapu akale a deralo ndi kupendeka kwa msewu, kenako funsani ngati chotsekera chija chilipo komanso tsiku lomwe chinayenderedwa komaliza. Mukamva chimbudzi chikuwira nthawi ya mvula, lembani kalata kwa mwininyumba ndi ku kampani ya madzi sabata yomweyo, osadikira kuti nyengo isinthe.