Mlatho wotsekedwa pafupi ndi sukulu: n'zoona kuti ulibe vuto?

Mlatho wa anthu oyenda pansi ukatsekedwa, mphekesera sizichedwa pa WhatsApp: akuti mlathowo ndi wabwinobwino, akuluakulu akungofuna podyera. Ena amati ana aziwoloka mmodzimmodzi basi.

Vuto limabisala pomwe wodutsa saona. Mtsinje ukadzaza, madzi amakumba mchenga pansi pa mizati, ndipo akaphwera dzenjelo limakwiririka ndi matope ofewa. Pamwamba pamaoneka bwino pomwe mzati watsala lende. N'chifukwa chake mainjiniya amazika ndodo yachitsulo m'mbali mwa maziko kuti apeze pomwe payambira nthaka yolimba. China ndi dzimbiri. Madzi akalowa m'ming'alu, zitsulo za m'kati zimafufuma n'kung'amba konkire, moti pamalopo ukagogoda ndi hamala pamalira ngati mgolo wopanda kanthu.

Milatho yotere kawirikawiri imakonzedwa kuti izisenza makilogalamu pafupifupi 500 pa sikweya mita iliyonse, koma zimenezi zimadalira maziko. Maziko akakumbika, mlatho umatha kugwa ndi kulemera kwake komwe, popanda wopondapo. Nanga ana akaweruka, ndani angawaimike pamzere? Amatuluka chigulu, ena akuthamanga, ena akutsamira zitsulo zam'mbali zomwe mabawuti ake anadyeka kale.