Mayeso Okonzedwa Kuti Munthu Alephere: Mmene Tsankho Linkabisalira M'malamulo

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, maboma a azungu m'mayiko angapo ankafuna kutsekereza anthu a khungu lina kuti asalowe m'dziko kapena asaponye voti, koma sankatha kulemba poyera kuti chifukwa chake chinali khungu. Njira imene anaipeza inali mayeso a kuwerenga ndi kulemba, ndipo opanga malamulo ankaonerana njirayi kuchokera dziko lina kufikira lina.

Ku America, ukapolo utathetsedwa mu 1865, malamulo aakulu a dzikolo anawonjezeredwa ndime mu 1870 yoletsa kumana munthu ufulu wovota chifukwa cha mtundu kapena khungu lake. Mu 1890 atsogoleri a chigawo cha Mississippi analemba malamulo atsopano onena kuti wofuna kuvota azitha kuwerenga ndime ya malamulowo, kapena kuimasulira mokhutiritsa akamuwerengera. Amene ankagamula ngati munthu wakhoza anali mlembi wa kalembera, yemwe anali mzungu. Nkhaniyi itafika kubwalo lalikulu la milandu mu 1898, oweruza anavomereza lamulolo ponena kuti mawu ake sankatchula mtundu wa munthu.

Ku Natal, dera la ku South Africa lomwe linkalamulidwa ndi Britain, kumene amwenye anayamba kubweretsedwa mu 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe, azungu anayamba kudandaula ataona kuti ena mwa anthuwa akukhazikika ndi kutsegula masitolo. Mu Januwale 1897 gulu la azungu linamenya loya wachinyamata wa ku India, Mohandas Gandhi, atangotsika sitima yapamadzi ku Durban. Boma la ku London silinkafuna lamulo lotchula amwenye mwachindunji, popeza dziko la India nalonso linali pansi pa mfumukazi ya ku Britain ndipo manyazi ake akanakhala aakulu. Choncho lamulo la Natal la 1897 linangonena kuti wofuna kulowa m'dzikolo alembe yekha kalata yopempha chilolezo m'chilankhulo cha ku Ulaya. Chaka chomwecho, nduna yoona za mayiko olamulidwa ndi Britain, Joseph Chamberlain, anauza atsogoleri a maderawa pamsonkhano wa ku London kuti atengere chitsanzo cha Natal.

Amene anaifikitsa njirayi pachimake anali a ku Australia. Zigawo za dzikolo zitagwirizana kukhala dziko limodzi mu 1901, limodzi mwa malamulo oyamba amene nyumba ya malamulo inakhazikitsa linali lotsekereza obwera. Mkulu wa padoko ankatha kuwerenga mawu 50, mlendo n'kumalemba zimene akumva, ndipo chilankhulo ankasankha ndi mkuluyo, chilichonse cha ku Ulaya. Mtchaina wodziwa Chingerezi bwinobwino ankatha kuwerengeredwa Chifalansa, ndipo akalephera ankabwezedwa kwawo ngati munthu wosaloledwa. Kuyambira 1902 mpaka 1909 mayesowa anaperekedwa maulendo 1,359 ndipo okhoza anali 52 okha. Chitadutsa chaka cha 1909 panalibenso wina amene anakhoza.

Chinyengochi chinaonekera poyera mu 1934 pamene boma linafuna kuthamangitsa Egon Kisch, mtolankhani wa ku Prague amene ankagwirizana ndi chikomyunizimu. Iyeyu anali mzungu ndithu, ndipo poti ankadziwa zilankhulo zambiri za ku Ulaya, anamuwerengera mawu a Chigaeliki cha ku Scotland, chimene ngakhale wapolisi wowerengayo ankachidziwa movutikira. Bwalo lalikulu la dzikolo linagamula kuti chilankhulochi sichinali m'gulu la zimene lamulo linkatanthauza, ndipo Kisch anamasulidwa. N'zomvetsa chisoni kuti phokoso lalikulu linamveka pamene msamphawo unakola mzungu, pomwe unali utakola kale anthu a ku Asia kwa zaka zoposa makumi atatu.

Dziko la Japan, lomwe linali litagonjetsa Russia pankhondo mu 1905, linkaona malamulo otere ngati chipongwe. Pamsonkhano wamtendere wa ku Paris mu 1919, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, nthumwi yake, Makino Nobuaki, inapempha kuti m'pangano lokhazikitsa bungwe la mayiko lotchedwa League of Nations mulembedwe mfundo yoti mayiko ndi ofanana ndipo nzika zawo zizichitiridwa chilungamo. Nduna yaikulu ya Australia, Billy Hughes, inakana kwamtuwagalu chifukwa inkadziwa kuti mfundoyi ikanagwedeza malamulo a kwawo. Pa 11 Epulo nthumwi 11 mwa 17 zinavomereza, koma Woodrow Wilson, mtsogoleri wa America amene anali wapampando, ananena kuti nkhani yaikulu chotero inafunika kuti onse agwirizane, motero mfundoyo inagwa. Tisaiwale kuti Japan ankamenyera makamaka ulemu wa anthu ake, pakuti m'miyezi yomweyo asilikali ake ankapondereza anthu a ku Korea amene ankafuna kudzilamulira. Komabe chigamulo cha ku Paris chinasonyeza anthu a ku Asia ndi ku Africa kuti mawu okoma onena za ufulu wa mitundu yonse anali ndi malire. Mu 1924 dziko la America linatsekeratu khomo kwa anthu ochokera ku Japan.

Zinthu zinayamba kusintha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Pangano lokhazikitsa bungwe la United Nations mu 1945 linalemba zimene zinakanidwa ku Paris, kuti ufulu wachibadwidwe ndi wa onse posayang'ana mtundu, ndipo mu 1946 dziko la India linakasuma kubungweli za nkhanza zimene amwenye ankakumana nazo ku South Africa, dziko limene mtsogoleri wake, Jan Smuts, anathandiza kulemba mawu oyamba a panganolo. Australia anathetsa mayeso aja mu 1958, ngakhale kuti zotsalira za ndondomeko yokondera azungu zinachotsedwa mu 1973. Ku America, anthu akuda ataguba mumzinda wa Selma pofuna ufulu wovota ndi kumenyedwa ndi apolisi pamlatho mu Malichi 1965, lamulo latsopano la chaka chomwecho linaimitsa mayeso a ovota m'zigawo zakumwera.

Pa 21 Disembala 1965 bungwe la United Nations linavomereza pangano lothetsa tsankho la mtundu uliwonse, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1969. Mayiko a ku Africa ndi ku Asia amene anali atangolandira ufulu ndi amene analimbikira kwambiri kuti panganoli likhalepo. Ndime yake yoyamba imati tsankho ndi kusiyanitsa kulikonse kumene cholinga chake, kapenanso zotsatira zake, ndi kumana anthu ufulu chifukwa cha mtundu, khungu kapena kumene makolo awo anachokera. Potsatira tanthauzo limeneli, mayeso a ku Mississippi, Natal ndi Australia onse ndi tsankho, ngakhale kuti palibe lamulo ndi limodzi lomwe mwa atatuwa limene linatchula khungu la munthu woyesedwayo.