Chitedze, Bunda ndi Dzalanyama: mbiri ya malo ophunzirira zamoyo kutchire

Malo amene ophunzira sayansi ya zamoyo ku Lilongwe amakagwirako dothi ndi manja sanakhazikitsidwe kuti akhale sukulu ya zachilengedwe. Chitedze, pamsewu wa ku Mchinji, inatsegulidwa mu 1948 kuti boma lizifufuzirako za mbewu. Bunda, makilomita pafupifupi 30 kummwera kwa mzinda, kufupi ndi Mitundu, inayamba m'zaka za m'ma 1960 ngati koleji ya ulimi ya University of Malawi, ndipo lamulo la 2011 ndi limene linaisandutsa phata la yunivesite ya ulimi ndi zachilengedwe ya LUANAR. Nkhalango ya Dzalanyama, ya mahekitala pafupifupi 99,000 m'malire a dziko lino ndi Mozambique, inatetezedwa mu 1922 chifukwa cha madzi. Aliyense wopatsidwa udindo woyang'anira maphunziro ndi kafukufuku wa kutchire kuno amapeza malo ali kale ndi eni ake, ndipo mikangano yambiri imene amakumana nayo inabadwa iye asanafike.

Ku Dzalanyama ndiko nkhaniyi imaonekera bwino. Atsamunda asanalembe malire, mapiriwa anali kale opatulika kwa Achewa: Kaphirintiwa, kumene mwambo umati anthu oyamba anaponda, ndi kachisi wa mvula wa Makewana ku Msinja, zili m'dera lomweli. Kenako mtsinje wa Lilongwe, womwe umachokera m'nkhalangoyi, unamangidwa damu la Kamuzu loyamba ku Malingunde mu 1966, lachiwiri pambuyo pake. Likulu litasamukira kuno mu 1975, mzinda unakula, ndipo unayamba kufuna zinthu ziwiri zosemphana kuchokera m'nkhalango imodzi: madzi a m'mipopi ndi makala a pambaula. Mu 2015 zinafika poti asilikali a Malawi Defence Force anatumizidwa kukalondera. Wophunzira wofika lero ndi tepi yoyezera mitengo amalowa m'mbiri yonseyi. Mfumu ikamuona imaganiza za malire, wootcha makala amamuyesa kazitape.

N'chifukwa chake ntchito imayamba ndi makalata, ndipo anthu ambiri amaipeputsa. Nkhalango yotetezedwa ili m'manja mwa Dipatimenti ya Zankhalango motsatira lamulo la 1997, nyama zakutchire zili ndi dipatimenti yakeyake, chilolezo cha kafukufuku chimadutsa ku National Commission for Science and Technology. Kutumiza kunja masamba, njere kapena tizilombo kuli ndi malamulo enanso kuyambira pamene mayiko anagwirizana za Nagoya Protocol mu 2010. Koma kalata ya ku Capital Hill payokha siteteza chikhomo chimodzi. Gogo chalo ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi ayenera kumva kaye chimene anthu a makope akufuna m'tchiremo, ndipo woperekeza gulu akhale wa m'mudzi momwemo, wolipidwa bwino.

Chuma chenicheni cha malo oterewa ndi mapuloti okhalitsa. Kachitidwe kake n'kosavuta kufotokoza. Mumadula malo, mwachitsanzo mamita 20 m'lifupi ndi 50 m'litali, kukhoma zikhomo m'ngodya zinayi, kulemba GPS. Mtengo uliwonse wa thunthu la masentimita 5 kapena kupitirira umapatsidwa nambala n'kuyezedwa pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, kumtunda kwa chitsetse ngati malo ndi otsetsereka. Patapita zaka zingapo mumabwerera kukayeza mitengo yomweyo pamalo omwewo. Mombo, mchenga ndi msuku zimakula pang'onopang'ono, mamilimita ochepa pa chaka, choncho wophunzira akangotsitsa tepi pang'ono kapena kuipendeketsa, manambala amaonetsa mtengo utakula kuposa mmene wakuliradi. Mzere wa penti pamalo oyezera umathetsa vuto limeneli. Zikhomo zachitsulo zoonekera sizikhalitsa, zimakathera kwa osula. Ndi bwino kuzikwirira zonse pansi n'kusunga chithunzi cholembedwa cha mtunda wake kuchokera pa mwala kapena chulu chodziwika. Timalata ta nambala tikhomedwe ndi msomali wosafika kumapeto, apo ayi khungwa limatimeza. Ndipo puloti ikadulidwa ndi a makala isatayidwe: mitengo ya miombo imaphukira pachitsa, ndipo kuyeza mphukirazo ndi kafukufuku amene dziko lino likumusowa kwambiri kuposa wa nkhalango yosakhudzidwa.

Moto nawo uli ndi mbiri yake. Akatswiri a zankhalango anazindikira kalekale kuti kuletseratu moto m'miombo n'kosatheka, ndipo anasankha kutentha koyambirira, mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse. Moto wa Okutobala, wa osaka mbewa ndi olambula minda, umakwera mpaka kunsonga n'kupha timitengo tating'ono. Mtsogoleri amene wachedwa kupempha ndalama zolambulira mizere yotchinga moto amataya zaka za ntchito masana amodzi.

Bunda ili ndi mwayi umene Dzalanyama ilibe: munda, makola, maiwe a nsomba ndi labotale zili pamodzi, ophunzira amafikako wapansi. Komabe munda wa koleji umayenera kupanga ndalama, ndiye mkangano wa woyang'anira famu ndi mphunzitsi sutha. Wina akufuna kulima chigawo chonse ndi thalakitala, wina akuti pakatipo pali mizere yake yoyesera ya chaka chachisanu. Pamaiwe, makumba ndi chilinguni zimaleka kudya bwino madzi akazizira mu Juni ndi Julayi, moti kafukufuku wa zakudya za nsomba woyambidwa nthawi imeneyo amangosonyeza kuzizira. Mpweya m'madzi umachepa kwambiri m'bandakucha, makamaka manyowa akachuluka ndipo madzi abiriwira kwambiri. Amene amayeza masana okhaokha amadabwa kupeza nsomba zitayandama m'mawa.

Zosonkhanitsa zimafuna chisamaliro chonga chomwecho. Nthambi yokhala ndi maluwa kapena zipatso imaikidwa pakati pa manyuzipepala n'kupanikizidwa ndi matabwa, mapepalawo kusinthidwa tsiku lililonse nthawi ya dzinja, kupanda kutero nkhungu imadya zonse. Tizilombo timasungidwa mu ethanol wa 70 peresenti, chizindikiro chake cholembedwa ndi pensulo chifukwa inki imasungunuka. Dzina la m'Chichewa limene woperekeza wanena lilembedwe pambali pa la sayansi, pamodzi ndi tsiku ndi malo. Zomera zovuta kuzizindikira zimapita ku National Herbarium, nyumba yosungira zitsanzo za zomera, ku Zomba, komwe kunali likulu lakale ndipo zambiri za sayansi ya zomera zinatsalira komweko. Zofunika firiji ndiye zimadalira jenereta kapena sola, pakuti magetsi akathima masiku awiri magazi ndi minofu zimaonongeka.

Chovuta china chimene sichinapeze yankho ndi kalendala. Zamoyo zimayendera mvula ya Novembala mpaka Epulo: maluwa, achule, bowa, agulugufe. Imeneyo ndi nthawi yomwe misewu yolowera ku Dzalanyama imaterera, ndipo ophunzira amakhala ali pa mayeso kapena kutchuthi. Maulendo ambiri a kalasi amachitika m'chilimwe, galimoto ikapezeka, mitengo itayoyoka masamba. Atsogoleri odziwa amagawa ntchito pawiri: kuyeza mathunthu ndi dothi m'chilimwe ndi kalasi yonse, kutola maluwa ndi kuwerenga zouluka m'dzinja ndi kagulu kochepa kogona konko, pamene mlonda wophunzitsidwa bwino amawerenga choyezera mvula m'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi ndi kulemba ziro pa tsiku limene sikunagwe kanthu, osasiya mpata.