Zoti khadi la inshuwalansi ya agogo litsekedwa ndi bodza

Uthenga uwu umangobwerabwera m'magulu a WhatsApp. Umati okalamba aimbiridwa foni kuti akonzetse khadi la inshuwalansi ya zaumoyo, ndipo amene salipira tsiku lomwelo khadi lake litsekedwa. Ndi bodza. Akuba amafuna kuti akamaimba apeze agogo atachita kale mantha.

Kampani ya inshuwalansi sifunsa PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, ngakhalenso nambala yachinsinsi yobwera pa meseji. Manambala amenewa ndiwo makiyi a akaunti, mukangowatchula ndalama zapita. Kampani yeniyeni siuza munthu kuti alipire ku nambala ya munthu wamba. Komanso m'zipatala za boma m'Malawi thandizo wamba ndi laulere, safunsa inshuwalansi.

Wotere akaimba, dulani foni. Musaimbenso nambala yomweyo. Imbani yolembedwa pa khadi kapena pa mapepala a kampaniyo, apo ayi pitani ku ofesi yawo. Agogo apempheni mwaulemu kuti asanatumize ndalama aziyamba afunsa mwana kapena mdzukulu. Ngati PIN yatchulidwa kale, isintheni msanga, ndipo dziwitsani kampani ya foni ndi apolisi.

Chonde musatumizenso uthenga wabodza wa pa WhatsApp uja kwa ena.