Kubooka kwa ozoni si kumene kukutenthetsa dziko

Zaka zapitapo zambiri koma nkhani ija ikumvekabe, ngakhale kwa anthu opita kusukulu, yoti dziko likutentha chifukwa kumwamba kunabooka ndipo dzuwa likudutsira pabowopo. Apa pasakanizidwa zinthu ziwiri.

Ozoni ndi mpweya wa m'mwamba umene umatchinga cheza choopsa cha dzuwa, chimene chimawononga khungu, maso, mbewu ndi tizamoyo ta m'nyanja timene nsomba zimadya. Mu 1985 asayansi analengeza kuti mpweyawu wapyapyala kwambiri pamwamba pa Antarctica, chigawo cha madzi oundana cha kum'mwera kwenikweni kwa dziko, ndipo kupyapyalaku ndi kumene kumatchedwa bowo. Olakwa anali mankhwala a CFC a m'mafiriji ndi m'zitini zopopera. Mu 1987 mayiko anasaina pangano ku Montreal, m'dziko la Canada, loti mankhwalawa asiyidwe, ndipo ozoni akubwerera pang'onopang'ono.

Koma kutentha kukukwerabe. Gwero lake lalikulu ndi mpweya wa kaboni wotuluka tikamawotcha malasha, petulo, dizilo ndi nkhalango, umene umatsekereza kutentha kuti kusachoke padziko.

Ubale pakati pa nkhani ziwirizi ulipo ndithu, mwina n'chifukwa chake ambiri amasokonezeka. CFC nayenso amatsekereza kutentha, choncho pangano lija linathandizanso nyengo. Mankhwala a HFC amene analowa m'malo mwake sawononga ozoni koma amatenthetsa dziko, moti mu 2016 ku Kigali mayiko anagwirizana zowachepetsanso.

Wina akakutumizirani uthenga pa WhatsApp woti bowo la ozoni ndi limene likutenthetsa dziko, musafulumire kuugawa. Tsegulani buku la sayansi la kusekondale, funsani aphunzitsi a jogalafe, kapena fufuzani paintaneti kukula kwa bowolo chaka ndi chaka, muyerekeze ndi ziwerengero za kutentha kwa dziko m'zaka zomwezo.